Usipa wa boti limodzi pa mathandala khumi

Pali mantha amene afala pakati pa anthu amene atsegula masamba a pa intaneti kuno kwathu, kaya ndi mwini malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja ku Nkhotakota, kaya ndi mnyamata wolemba nkhani za m'boma lino pafoni yake. Amauzana kuti mawu amodzimodzi akangopezeka pa masamba awiri, Google imakwiya n'kulanga webusaiti yonse, kuikankhira kumbuyo kwenikweni kumene wofufuza safikako. Manthawa alibe maziko. Mu Seputembala 2008 a Google eni ake analengeza poyera kuti kulibe chilango cha mawu ongobwerezedwa popanda cholinga chonyenga, ndipo mpaka lero sanasinthe mawu. Komabe chilipo chimene chimachitika, ndipo ine ndimaona kuti chimapweteka kwambiri anthu ang'onoang'ono chifukwa chimachitika mwakachetechete. Palibe amene amakulembera kalata. Umangoona kuti anthu sakufika pa tsamba lako. Kuti timvetse bwino, titsikire kudoko.

Tiyerekeze mayi wogulitsa nsomba mumsika wa ku Lilongwe amene sangathe kubwera kunyanja sabata iliyonse. Watuma mwana wa mchimwene wake kuti adzere ku Salima, atsate msewu wa M5, akayende madoko a ku Nkhotakota, kenako amuimbire foni n'kumuuza nsomba zimene zilipo ndi kwa amene angagule. Mnyamatayo wafika m'mawa maboti a chilimira atakocheza kale, usipa utayanikidwa pa mathandala kuyambira pano mpaka uko. Akamayenda akuzindikira kanthu kamene munthu aliyense wa kunyanja amakadziwa: mathandala ndi ambiri, koma katundu wake si wochuluka mitundu chomwecho. Boti limodzi likapha bwino usiku, usipa wake sukwana pa thandala limodzi. Umamwazidwa pa mathandala khumi, ena a mwini boti, ena a mkazi wake, ena a amalonda amene agula ndowa ziwiri zitatu m'mamawa n'kukayanika pawo.

Mnyamatayo akati aimbe foni n'kuyamba kuwerenga thandala ndi thandala, azakhali ake amudula pakamwa. "Iwe, mayunitsi akutha. Ndakutuma nsomba, sindinakutume mathandala. Ngati uli usipa womwewo unene kamodzi, undipatse munthu mmodzi woti ndilankhule naye." Choncho iye amaphunzira kusonkhanitsa m'mutu: khumi awa ndi katundu mmodzi, asanu aja ndi wina, apo pali utaka, uko kuli usipa wofutsa. Pa gulu lililonse amasankha thandala limodzi ndi dzina limodzi. "Azakhali, usipa wabwino wa lero uli kwa abambo akutiakuti." Mathandala ena asanu ndi anayi aja sanawalange. Sanawatchule basi. Koma munthu amene sanatchulidwe, tsiku limenelo ndalama ya ku Lilongwe yamudutsa.

Ntchito ya makina ofufuzira pa intaneti, kaya Google, kaya Bing ya kampani ya Microsoft, ndi yomweyi. Ali ndi kapulogalamu koyendayenda, ka Google kamatchedwa Googlebot, kamene kamatsata malinki kuchoka pa tsamba ili kupita pa lina, kuwerenga zimene kapeza ndi kuzitumiza kuti zikalowe m'kaundula wamkulu. Inu mukalemba funso, makinawo sathamanga kukayenda intaneti yonse nthawi yomweyo. Amatsegula kaundula uja. Ndipo safuna kukupatsani mayankho khumi onena chinthu chimodzi m'mawu amodzi, chifukwa mungatope n'kupita kwina. Ndiye masamba ofanana amawaika m'gulu limodzi n'kusankhapo limodzi loimira anzake. Losankhidwalo akatswiri amalitcha canonical. Ndilo limaonekera kwa wofufuza, ndilonso kapulogalamu kaja kamalichezera kawirikawiri. Nthawi zina mukafika kumapeto kwa zotsatira mumapeza kachidziwitso konena kuti masamba ena ofanana kwambiri ndi amene mwaonawa asiyidwa, ndipo mukafuna mutha kudina kuti aonekere. Amenewo ndiwo mathandala osatchulidwa aja.

Nanga makina amadziwa bwanji kuti usipa uwu ndi uja ndi wa boti limodzi? Mnyamata wathu amayang'ana msinkhu wa nsomba ndi kuuma kwake, amatapa pang'ono n'kununkhiza. Sawerenga nsomba imodzi imodzi. Makina nawonso sangathe kuika tsamba lililonse pambali pa linzake lililonse, poti masambawo ndi mabiliyoni. Njira yake inapezeka Google isanakhale n'komwe kampani mu 1998. Mu 1997 katswiri wina, Andrei Broder, ndi anzake, pogwiritsa ntchito masamba amene anasonkhanitsa makina ofufuzira a nthawi imeneyo otchedwa AltaVista, anasonyeza njira yodula mawu a tsamba m'timagulu tolowana. Titenge chiganizo ichi: njovu zinachokera ku Liwonde ndi ku Majete. Tikachidula mawu atatu atatu tipeza "njovu zinachokera ku", kenako "zinachokera ku Liwonde", kenako "ku Liwonde ndi", choncho mpaka kumapeto. Masamba awiri akakhala ndi timagulu tambiri tofanana, ndiye kuti ndi a pamtundu, ngakhale wina atasintha liwu apa ndi apo. Njirayi anaiyesa pa masamba okwana 30 miliyoni. Patapita zaka khumi, mu 2007, akatswiri atatu, Gurmeet Singh Manku, Arvind Jain ndi Anish Das Sarma, anafotokoza njira ina imene anaiyesa ku Google, yochokera pa nzeru zimene Moses Charikar anatulutsa mu 2002. Tsamba lonse limafinyidwa kukhala kachidindo ka manambala 64, iliyonse 0 kapena 1. Tizidindo tiwiri tikasiyana m'malo osapitirira atatu, masambawo amatengedwa kuti ndi amodzi. Anaonetsa kuti zimenezi zimatheka pa masamba 8 biliyoni.

Apa mpamene kachenjerero kena kofala kamagwera m'madzi. Munthu amakopera nkhani ya mnzake n'kusintha "malo okongola" kukhala "malo osangalatsa", zina zonse n'kusiya momwemo, n'kumati walemba zake. Kuwaza utaka pang'ono pamwamba sikusintha kumene usipa unachokera. Komanso makinawa amayesetsa kupatula mawu a m'mphepete, monga mndandanda wa pamwamba ndi zolembedwa za pansi zimene zimabwerezedwa pa tsamba lililonse, n'kuyang'ana thunthu la nkhani. Choncho musaope kuti nambala ya foni yolembedwa pansi pa masamba anu onse ikuonongerani.

Chodabwitsa n'chakuti mathandala ambiri obwereza amawayala ndi mwini nsomba yemwe, osadziwa. Tsamba limodzi lolandirira alendo likhoza kutseguka pa maadiresi anayi, malinga ndi kuti adiresiyo ili ndi www kapena ilibe, yayamba ndi http kapena https. Kwa munthu ndi tsamba limodzi. Kwa makina adiresi iliyonse ndi thandala palokha. Wina akadina linki kuchokera pa Facebook, kumapeto kwa adiresi kumamatidwa mchira wautali wa zilembo woyamba ndi fbclid, ndipo apo yabadwa adiresi ina. Sitolo ya pa intaneti yogulitsa makapu ndi mbale zadothi ikalola ogula kusanja katundu potsata mtengo kapena mtundu, kusanja kulikonse kumatha kubala adiresi yake. Mu 2013 Matt Cutts, amene ankatsogolera gulu lolimbana ndi masamba achinyengo ku Google, ananena kuti pafupifupi 25 mpaka 30 peresenti ya zolembedwa za pa intaneti ndi zobwereza. Onsewa akanati azilangidwa, bwenzi gawo lalikulu la intaneti litazimiririka kalekale.

Funso lalikulu ndi ili: pa gulu lija, amasankha liti? Mnyamata wa kudoko amamvera zinthu zingapo. Amaona kumene anthu akumulozera akafunsa. Amamva mwini boti akanena kuti, "Mphwanga, ukafuna wanga ubwere pa thandala ili, enawa ndangoyanikirapo." Akapeza thandala lopanda kanthu, mwana ataimapo n'kumuuza kuti nsomba zasamukira uko, amatsata mwanayo.

Kuloza kwa anthu ndiye malinki. Larry Page ndi Sergey Brin ali ophunzira ku yunivesite ya Stanford anamanga Google pa ganizo limeneli, loti tsamba limene masamba ena odalirika akuliloza liyenera kukhala lofunika. Tsono ngati anthu khumi akuloza tsamba lanu, atatu pa adiresi iyi, anayi pa iyo, atatu pa ina, mbiri yanu imaphatikizidwa pokhapokha makina akazindikira kuti maadiresiwo ndi gulu limodzi. Akaphonya, mbiriyo imagawika, ndipo palibe adiresi imene imalemera mokwanira.

Mwana wolondolera uja ndi chimene okonza mawebusaiti amachitcha 301. Munthu kapena makina akafika pa adiresi yakale, amatumizidwa pa yatsopano ndi uthenga woti kusamukaku n'kwamuyaya. Pa zizindikiro zonse, ichi ndi chimodzi mwa zamphamvu kwambiri, ndipo ndicho mankhwala a vuto la www ndi http lija. Wokonza webusaiti wodziwa ntchito sangathe n'komwe ola limodzi akuchita zimenezi.

Mawu a mwini boti ndi kamzere kobisika kamene kamaikidwa kumutu kwa tsamba, kolembedwa rel="canonical", kotsatiridwa ndi adiresi imene mwini wake akufuna kuti izitchulidwa. Owerenga sakaona, makina okha ndiwo amakawerenga. Google, Yahoo ndi Microsoft anagwirizana zolemekeza kamzereka mu Febuluwale 2009, zomwe sizichitikachitika pakati pa makampani opikisana. Amene anamanga webusaiti yawo ndi WordPress kawirikawiri ali nako kale, poti pulogalamuyo imakaika yokha. Koma dziwani kuti kamzereka ndi pempho, si lamulo. Mwini boti akaloza thandala limene pali nsomba zosiyana ndi zimene akunena, kapena lero aloza ili mawa aloza lija, mnyamata amasiya kumumvera n'kusankha yekha. Google imachitanso chimodzimodzi. Imayang'ana ngati malinki a m'kati mwa webusaiti yanu akuloza adiresi yomweyo, ngati mndandanda wa masamba umene munaipatsa ukutchula yomweyo, ndipo pakati pa http ndi https imakondera https chifukwa ndi yotetezedwa. Chida chaulere chotchedwa Google Search Console chimakuonetsani poyera adiresi imene inu munapempha ndi imene makina anasankha. Aliyense amene ali ndi webusaiti ayenera kuchitsegula ndi dzina lake, osati kungochisiya m'manja mwa amene anamukonzera.

Zonsezi ndi zokonzeka, poti mathandala onse ndi anu ndipo lililonse limene latchulidwa ndalama ibwera kwa inu. Pamene pali ululu weniweni ndi pa mathandala a anthu ena. Kumbukirani amalonda aja amene anagula ndowa m'mamawa. Thandala lawo likakhala pafupi ndi msewu, ndipo anthu onse a padoko akawazolowera n'kumawaloza, mnyamata wa ku Lilongwe atchula iwowo, osati mlovi amene anachezera usiku wonse panyanja. Makina sanalonjeze kuti azisankha woyamba kulemba. Amayesetsa, koma amene ali ndi mbiri yaikulu nthawi zina amapambana.

Kuno ku Malawi zimenezi timaziona tsiku ndi tsiku pa nkhani. Bungwe la boma la Malawi News Agency, limene ambiri amangoliti MANA, lili ndi atolankhani m'maboma, ndipo ntchito yake ndi yomweyo yogawira nyumba zina zofalitsa nkhani. Tsoka ngati la madzi osefukira a ku Dwangwa mu Febuluwale 2024 likachitika, nkhani imodzi yolembedwa ndi mtolankhani mmodzi imatha kupezeka m'mawu omwewo pa mawebusaiti angapo a m'dziko muno, n'kutengedwanso ndi osonkhanitsa nkhani za mu Africa monga allAfrica. Apa palibe wakuba, ndi mgwirizano wodziwika, ndipo pa nthawi ya tsoka n'kwabwino kuti uthenga ufike paliponse. Koma wofufuza adzaona tsamba limodzi kapena awiri. Tsono ganizirani mtsikana wa ku Linga kapena ku Chia amene watsegula kawebusaiti kake, walemba nkhani yabwino ya asodzi, n'kuipereka mokondwa kwa nyuzipepala yaikulu kuti nayonso iike pa intaneti. Dzina lake lingaonekedi pamwamba pa nkhaniyo, koma owerenga ochokera pa Google akhoza kumathera onse ku nyuzipepala ija, kawebusaiti kake kosadziwika mpaka kale. Kwa zaka zambiri uphungu unali woti wotenga nkhani aike kamzere ka canonical koloza kwa mwini wake. Mu 2023 Google inasintha uphunguwo. Inati masamba otengana nkhani nthawi zambiri amasiyana kwambiri moti kamzereko sikagwira bwino, ndipo njira yodalirika ndi yoti wotengayo aike chizindikiro cha noindex, chouza makina kuti kope lakelo lisalowe m'kaundula. Nyumba yaikulu singavomere msanga zimenezi, poti nayonso ikufuna owerenga. Ine ndimati wolemba akambirane nkhani imeneyi asanapereke, adziwe chimene akusinthanitsa. Ngati sakuvomera noindex, apemphe linki yobwerera kwake, kapena apereke nkhani yaifupi n'kusunga yathunthu.

Eni malo ogona alendo nawo amadziyalira okha msampha womwewu. Munthu amalemba ndime imodzi yofotokoza malo ake n'kuimata pa webusaiti yake, pa Tripadvisor, pa Facebook ndi pa masamba a makampani onyamula alendo. Pa onsewa, webusaiti yake ndiyo ili ndi malinki ochepa. Ndipo akafuna kuuza alendo za nkhalango ya Nkhotakota, amakopera ndime yolembedwa kale kwina: kuti nkhalangoyi ndi ya masikweya kilomita 1,800 kukula kwake, kuti bungwe la African Parks linayamba kuiyang'anira mu 2015, kuti njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwira kuno kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete mu 2016 ndi 2017. Zonsezi ndi zoona ndipo mfundozo ndi za aliyense. Koma zikabwera m'mawu okopera, makina alibe chifukwa chotchulira tsamba limeneli pamene mwini mawuwo alipo. Chimandipweteka n'chakuti munthu yemweyu ali ndi zinthu m'mutu zimene sizinalembedwe paliponse. Amadziwa kuti kuchoka pachipata chake kukafika ku mtsinje wa Bua ndi ulendo wa nthawi yaitali bwanji ndipo msewu umakhala wotani mvula ikagwa. Amadziwa mmene nyanja imakhalira pagombe lake mwera ukayamba m'miyezi yozizira, ndi ola limene mlendo angasambe bwino. Amadziwa njira yopita pa mkuyu umene David Livingstone anakumanirana ndi Jumbe mu 1863, ndi kumene mlendo angadye kondowole wa chambo osati wongosangalatsa azungu. Zimenezo ndi nsomba za boti lake, ndipo palibe thandala lina lili nazo.

Pali malo amodzi pamene fanizo la kudoko limatha mphamvu, ndipo ndi pa kuba. Wakuba usipa akatapa, mwini thandala amaona kuti wachepa. Wakuba mawu amatenga nkhani yonse, inu n'kukhala nayobe yonse, osadziwa kanthu. Alipo mawebusaiti amene ntchito yawo ndi kukolola nkhani za ena ndi makina n'kuzizunguliza ndi zotsatsa malonda. Pa awa pokha ndiye chilango chilipodi. Mu Febuluwale 2011 Google inasintha kasanjidwe ka zotsatira, kusintha kumene kunadziwika ndi dzina loti Panda, dzina la injiniya wina wa kampaniyo, n'cholinga chotsitsa masamba opanda phindu ndi ongokopera, ndipo kunakhudza pafupifupi 12 peresenti ya zofufuza za ku America. Mpaka lero malamulo a kampaniyi amati kukolola zolemba za ena popanda kuonjezerapo kanthu ndi chinyengo chimene chingachotsetse webusaiti m'kaundula. Mwina apa mpamene panachokera mantha aja, anthu atasokoneza wakuba ndi mwini mathandala ambiri. Amene waberedwa ali ndi pothawira. Lamulo la Malawi la umwini wa zolemba ndi zaluso la 2016 limateteza zolemba zake, bungwe la COSOMA lilipo pa nkhani zoterezi, ndipo Google ili ndi fomu yodandaulira pansi pa lamulo la ku America la 1998 lotchedwa DMCA, imene munthu wa dziko lililonse angalembe kupempha kuti tsamba lobedwa lichotsedwe m'zotsatira. Musungire umboni wa tsiku limene munatulutsa nkhani yanu.

Patsala nkhani ya chilankhulo, imene kwa ife ndi mwayi waukulu. Tsamba la Chingerezi ndi lomasuliridwa m'Chichewa sizitengedwa ngati zobwereza, bola thunthu la nkhani likhale lomasuliridwadi, osati mitu yokha. Timagulu ta mawu tija sitifanana, choncho kwa makina ndi katundu awiri. Kuyambira mu 2011 palinso chizindikiro chotchedwa hreflang chouza Google kuti masamba awiriwa ndi nkhani imodzi m'zilankhulo ziwiri, kuti wofuna Chichewa apatsidwe la Chichewa. Chilembo cha chilankhulo chathu m'dongosololi ndi ny. Chichewa chinalowa mu Google Translate mu 2014, ndipo chiyeso chilipo chongothira webusaiti yonse m'makina n'kumata zotuluka osawerenga. Musatero. Malamulo a Google amaika kutulutsa masamba ambirimbiri mwa njira imeneyi, opanda phindu kwa owerenga, m'gulu la chinyengo, ndipo Mchewa aliyense amazindikira Chichewa cha makina pa mzere woyamba n'kutseka.

Zolembedwa m'Chichewa pa intaneti n'zochepa kwambiri poyerekeza ndi unyinji wa anthu ochilankhula ku Malawi, ku Chipata, ku Tete ndi ku Lichinga. M'Chingerezi, wolemba za Nkhotakota amapikisana ndi mabungwe a ku London ndi ku Johannesburg. M'Chichewa, mafunso ambiri amene anthu a kuno angafunse akudikira wolemba: mmene amafutsira usipa kuti usanyenyeke pa ulendo, nthawi imene mpasa amakwera mtsinje wa Bua kukaswana ndi chifukwa chake sayenera kutchingidwa, kasamalidwe ka mpunga m'madambo a m'mbali mwa nyanja, zoyenera kuchita mlimi wa nzimbe wa ku Dwangwa munda ukamizidwa. Mphunzitsi, mlangizi wa zaulimi kapena mwana wa msodzi amene alembe tsamba lotere m'mawu ake, Googlebot ikadzalipeza, sidzakhala ndi lina loti iliike nalo gulu limodzi.